Chikwangwani Chimene Ndinachipeza pa Geti Langa

Amuna anga anali olemba zikwangwani ku Petauke. Ukazungulila mu msika, kapena kutsika ndi mseu wopita ku siteshoni ya basi, dzanja lawo ulipezabe mpaka lelo: pa golosale, pa saluni, pa malo owotchelela zitsulo. Ine sukulu ndinalekela m'giledi yachinayi. Powelenga ndimachita kugwila chilembo chimodzichimodzi, koma dzanja lawo ndinkalizindikila ndili patali. Chilembo cha S ankachipinda mchila ngati mbedza, ndipo pansi pa mau omaliza ankakoka kamzele kofiila.

Kuseli kwa nyumba yathu kunali kashedi ka malata komwe ankasungilako penti ndi mabulashi. Mmenemo munalinso matabwa olembelatu, oyembekezela anthu ofuna kugulitsa nyumba kapena puloti. Pamwamba pa thabwa lililonse panali mau a Chizungu, pansi pake a Chinyanja akuti NYUMBA IGULITSIDWA, ndiyeno malo opanda kanthu olembapo nambala ya foni. Malo amenewo sankalembapo msanga. Munthu akabwela, ankamufunsa kaye kuti, "Pepala la khonsolo lili kuti?" Lamulo la khonsolo linali lakuti chikwangwani choyang'ana ku mseu, mwini malo ayenela kupita yekha ku khonsolo kukachipempha, nkupatsidwa pepala la chidindo. Akaliona pepalalo, ndiye ankalemba nambala ya foni kutsogolo, ndi nambala ya pepala kuseli kwa thabwa. Ena ankakwiya nkuchoka. Iwo ankangoti, "Apite. Sindifuna dzanja langa ligulitse nyumba ya mwini."

Za mapositala a kampeni nazonso anali ouma mtima. Khoma la mpanda wathu limayang'ana ku mseu, ndipo nthawi ya chisankho ikafika anthu a zipani ankalilakalaka. Iwo ankawauza kuti lamulo silola kumata pa khoma la munthu mwini wake asanavomele, ndipo iwo sakuvomela. "Ine ndimalembela a zipani zonse," ankatelo. "Ndikamata nkhope imodzi pano, enawo adzandidutsa ndi ntchito zawo." Khoma lathu linkakhala loyela chaka chonse.

Chaka china, kale ndithu, anandiitanila kushedi masana nkundikhazika pa ndowa yovundikila. Anatembenuza thabwa limodzi, nkundigwilitsa bulashi yaing'ono. "Lelo uphunzila kulemba dzina lako bwinobwino," anatelo. Ndinalemba, ndinalembanso, mpaka kuseli konse kwa thabwa kunadzaza dzina langa, lina lopendama, lina lokwela phili. Iwo ankaseka kuti zilembo zanga zaledzela. Patapita masiku ochepa ananditengela ku boma, tinalowa mu ofesi, anandilozela pa pepala nati, "Lemba apa." Ndinalemba. Sindinafunse kuti ndi pepala la chiyani. Ndinkayesa ndi za feteleza.

Anadwala masabata awili okha, nyengo yozizila, kampeni itafika pachimake. Ndili nawo m'chipatala, malole a zipani ankadutsa kunja ndi nyimbo, mazenela nkumanjenjemela. Anamwalila m'mawa wa Lachitatu.

Tinakawaika kwawo ku Kacholola. Kumeneko, mkazi wamasiye sachoka pamudzi mpaka tsiku lometa. Umakhala pa mphasa m'nyumba, sukhudza mchele, supita kutali, ndipo ukafuna kulankhula ndi amuna a pamudzipo umadzela mwa amai achikulile. Ine ndinakhala choncho mwezi wathunthu. Tsiku lachitatu chiikileni malilo, alamu anga, akulu awo a malemu, anaima pakhomo nati, "Mlamu, makiyi a ku Petauke mundipatse. Nyumba siingakhale yokha, akuba achuluka." Ndinamasula makiyi pa nsonga ya chitenje nkupeleka. Ndinawathokozanso.

Chisankho chinachitika ndili pa mphasa pomwepo. Sindinavote. Atandimeta nkundimasula, ndinakwela basi kubwelela ku Petauke, mpango kumutu, kachikwama m'manja.

Nditakhota pa kanjila kathu, nyumba yanga ndinaidutsa. Ndinaidutsadi, nkubwelela. Khoma lonse linali nkhope ya munthu mmodzi, yomweyomweyo, kuyambila pa ngodya mpaka pa geti, mapepala omatidwa mosanjikizana, ena atayamba kale kusenda ndi dzuwa. Ndinaima ndikuyang'ana mano a munthu amene sindinamuonepo akundisekelela pa khoma la amuna anga.

Kenako ndinaona pa geti. Panali thabwa lomangidwa ndi waya. Sindinafunike kuwelenga. Ndinaona S wa mchila wa mbedza, ndinaona kamzele kofiila.

Ndinakhala pansi m'fumbi, kachikwama pa miyendo. Munthu tinamuika m'manda mwezi wapitawo, ndipo dzanja lake linali pa geti langa likuuza aliyense wodutsa kuti nyumba igulitsidwa. Sindinalile.

Amene ananditola anali amai oyandikana nafe, amene makolo awo anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo nkukhazikika kuno. Anandigwila m'khwapa nkundilowetsa kwawo.

"Anzanga, mwabwela liti? Kodi simunauzidwe?"

"Ndiuzidwe chiyani?"

"Chakhala pamenepo masabata atatu. Alamu anu ndiwo anamanga. Tsiku lomwelo anabwela ndi anthu a chipani chawo, nawapatsa khoma kuti amate. Ife tinati mwina mwagwilizana kumalilo."

"Anthu akuti chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Akuti malemu analemba okha asanadwale. Pajatu dzanja lawo aliyense alidziwa."

Alamu anabwela madzulo a tsiku lomwelo kudzanditsegulila. Anandipatsa kiyi wa chitseko, koma wa kushedi anaubweza m'thumba. Anakhala pa mpando wa malemu, natambasula miyendo.

"Mlamu, musadabwe ndi za pa getipo. Mng'ono wanga anandiuza kalekale kuti afuna kugulitsa pano, akamange kumudzi. Kodi inu sanakuuzeni?"

"Sanandiuze."

"Aa, amuna sitinena zonse kwa akazi. Koma si mwaona nokha? Dzanja lija ndi langa ine? Ine ndidziwa kugwila bulashi?" Anaseka pang'ono. "Wogula wapezeka, munthu wa ku Chipata. Abwela Loweluka kudzaona. Inu mulongedze bwinobwino, palibe okuthamangitsani. Kwanu ku Mwape abale alipo, si choncho?"

Kwathu ku Mwape ndinachokako ndili mtsikana. Amai ndi atate anapita kale, ndipo munda wawo akulima ena. Nyumba ya ku Petauke njelwa zake ndinaumba nawo ndi manja angawa, madzi ndikutunga ndili ndi mwana kumbuyo. Koma ndinali nditangochoka pa mphasa, mutu uli mbee, ndipo pakamwa panga panali pasanazolowele kuyankha mwamuna wa kuchimuna. Ndinati, "Ndamva, alamu."

Chimene chinandidya masiku otsatila sichinali nyumba yokha. Chinali chakuti mwina ndi zoona. Mwina munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo anakhala kushedi tsiku lina, nalemba thabwa logulitsila denga limene ndimagonamo, nabwela kudzadya nane osanena kanthu. Za matabwa olembelatu aja ndinkazidziwa, inde, koma mutu wa munthu wofedwa suyenda bwino. Anthu onse akamanena chinthu chimodzi, nawe umayamba kuchimva ngati choona. Pa geti ndinkadutsa nditayang'ana kumbali.

Lachinayi m'mawa ndikusesa, tsache linandifikitsa pansi penipeni pa thabwalo, ndipo ndinakweza maso. Nthawi imeneyi ndinayang'ana nambala ya foni. Inali ya penti wina, wobiliwila, wochucha ngati mamina a mwana. Manambala ake ena aakulu, ena aang'ono, omaliza opanikizana chifukwa malo anatha. Amuna anga ankayeza ndi chingwe asanalembe ngakhale chilembo chimodzi. Penti wochucha ankamutcha manyazi.

Ndinaimika tsache. Ndinadziwa kuti nambala ija sanalembe ndi iwo. Koma kudziwa kwangako ndikanapita nako kuti? Loweluka linali mkuja.

Lachisanu chakumasana kunabwela lole ya khonsolo. Inkayenda pang'onopang'ono mu mseu wathu, amuna awili ovala maovolosi akutsika kukanganula mapositala pa mitengo ndi pa mapolo a magetsi nkuponya m'lole. Masiku amene zipani zinapatsidwa kuti zichotse zinthu zawo chisankho chitatha anali atakwana, ndipo zambili sizinachotse. Kumbuyo kwawo kunkayenda bambo wina wa imvi, wa shati yoyela, atanyamula fayilo. Anaima pa khoma langa, naliyang'ana kuyambila uku mpaka uko, naimba mluzu.

"Odi kuno! Eni khoma alipo?"

Ndinatuluka. Ndinkayesa abwela kudzandigwila.

"Amai, mwamata chipani chonse pano. Mwasiyako malo a buluzi?"

"Sindine ndinamata, bambo. Ndinali kumalilo."

Anayang'ana mpango wanga, nayang'ananso nyumba, nkhope yawo nkusintha. "Kodi pano si pa amisili aja olemba? Ndinamva. Pepani kwambili, amai. Tinkakangana nawo kawilikawili ku ofesi, koma pa mapepala anali munthu woongoka." Kenako analoza pa geti. "Nanga ichi? Mukugulitsa?"

Iwo anapita pa thabwa, napotokola waya, nati, "Tione nambala ya pepala kuseli. Iwo aja sankaiwala." Analitembenuza.

Kuseli kunalibe nambala ya pepala. Kunali dzina langa. Linali ponseponse, lopendama, lokwela phili, penti wake atazilala ndi zaka. Mwa matabwa onse a mushedi, alamu anatola lomwe ndinaphunzililapo kulemba. Ine ndinkayesa linapita kalekale ndi ogula. Amuna anga analisunga zaka zonsezo osalipeleka kwa munthu.

Pamenepo ndiye ndinalila, kulila kumene sindinalile ngakhale ku Kacholola. Amai a ku Mozambiki aja anathamanga kudzandigwila. Amuna a maovolosi anasiya kukanganula.

Bambo aja anadikila mpaka nditatonthola. "Dzina ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Munalemba ndinu?"

"Ndine. Ankandiphunzitsa."

"Nanga nambala ya foniyi?"

"Ya alamu anga."

Anatulutsa foni yawo, naimba ali chiimile pomwepo. Ndinawamva akuti, "Bambo, ndili pa geti pano, ndaona chikwangwani chanu. Mungabwele tikambilane?" Sananame, komanso sananene kuti ndi ndani.

Sipanapite nthawi, alamu anatulukila pa njinga ya moto ya hayala, atavala jekete. Anatsika akumwetulila, dzanja lili kutsogolo. Ataona lole ndi maovolosi, dzanja lija linabwelela lokha m'thumba.

"Ndinu munaika ichi?" anafunsa bambo a fayilo.

"Ndi mng'ono wanga analemba, malemu."

"Sindinafunse wolemba. Dzanja lake ndilidziwa kuposa inu. Ndafunsa womanga waya."

"Ndine, monga mkulu wa banja."

"Pepala la khonsolo lili kuti?"

Alamu anayang'ana khoma. "Bwana, nthawi ya kampeni ino aliyense akumata zake. Tauni yonse ndi mapepala okhaokha. Kathabwa kamodzi aka nkofunika pepala?"

"Kampeni inatha, bambo, kapena simunamve zotsatila? Ndipo awa," analoza nkhope zija, "anakupemphani ndinu?"

"Ndinawalola ine."

"Khoma ndi lanu?"

"Ndi la banja. Pa mwambo wathu, za mwamuna zimabwelela kwa abale ake. Mlamu wangayu akudziwa."

"Za mwambo mukakamba kwanu, kapena ku khoti ngati mufuna. Ine ntchito yanga ndi zikwangwani. Chikwangwani amapempha ndi mwini puloti. Tiyeni ku ofesi tikaone kuti mwini puloti ndani. Amai, mutenge chitupa chanu."

Ndinakwela kutsogolo kwa lole, thabwa lili pa miyendo panga. Alamu anatsatila pa njinga ija. Njila yonse ndinkaganiza kuti tikafika, fayilo ikanena dzina la malemu, ndiye kuti zatha, pakuti malemu sangayankhe.

Ku ofesi tinadikila pa benchi nthawi yaitali, ine uku, alamu uko. Kenako anatiitana. Bambo aja anali atatsegula fayilo yakale ya chikuto chong'ambika. Anaitembenuzila kwa ine, naika chala pansi pa pepala.

"Amai, ichi mukuchidziwa?"

Panali maina awili. Loyamba linali la amuna anga, ndi S wawo uja. Pansi pake panali zilembo zoledzela, zokwela phili. Bambo aja anatenga thabwa, naliika pambali pa fayilo chakuseli, kuti alamu aone okha.

Ndinagwila m'mphepete mwa tebulo. Si za feteleza zija. Zaka zonsezi ndinali mwini puloti pamodzi nawo, ndikusesa pabwalo langa ngati mlendo wosungidwa, osadziwa. Ndinadabwa, ndipo ndisaname, ndinawakwiyilanso pang'ono malemu. Akanandiuza, sindikanakhala masiku anayi ndikuwaganizila zoipa ali m'manda.

"Ndiye ndikufunsani inu, amai, pakuti dzina lili apa ndi lanu," anatelo bambo aja. "Mufuna kupempha chikwangwani chogulitsila nyumba?"

Alamu anandiyang'ana. Anali maso omwe aja a pakhomo ku Kacholola, popempha makiyi. Ndinaganiza za manda, kuti ali pamudzi pawo, ndi kuti ndikayankha apa njila yopita kumeneko idzanditalikila.

"Iyayi," ndinatelo. Mau anatuluka aang'ono, ndiye ndinabweleza. "Iyayi, bambo. Sindigulitsa."

"Nanga mapositala aja, muwafuna pa khoma lanu?"

"Sindiwafuna."

"Basi, nkhani yanga yathela pamenepo."

Alamu anaimilila. "Mlamu, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu a boma. Ife tinakusungani mwezi wathunthu, tinakumetani, tinakumasulani. Kuthokoza kwake ndi kumeneku?"

"Munandisunga, alamu, ndipo ndinathokoza. Ndipempha kiyi wa kushedi."

Anauponya pa tebulo, natuluka.

Thabwa lopanda pepala limayenela kutsala ku khonsolo, pamulu wa zolandidwa. Ndinawapempha bambo aja kuti andipatse. Anakanda mutu nati, "Likaonekanso ku mseu, ndidzabwela ndi lole." Ndinalonjeza, ndipo ndinabwelela nalo kunyumba wapansi, nditalisenza pamutu, mau ake atayang'ana kumwamba.

Mushedi ndinapeza mulibe kanthu. Mabulashi, zitini za penti, makwelelo, matabwa ena aja, zonse zinapita. Sindinazilondole. Wogula wa ku Chipata anabweladi Loweluka, naima pa geti ndi galimoto, nafunsa za nyumba yogulitsa. Amai a ku Mozambiki anamuyankha ali pa mpanda wawo kuti, "Mwasochela, bambo, pano pali eni ake."

Mapositala amuna a khonsolo anakanganula apamwamba okha, pakuti amkati anamatilila ndi phala la chinangwa. Otsalawo tinachotsa awili ndi amai aja, ndi madzi ofunda ndi mipeni yakutha, masiku atatu. Pena pankatsala diso, pena khutu. Anzangawo ankati, "Uyu ngakhale waluza, pa khoma pokha wakana kuchoka." Mpaka lelo dzuwa likapendeka, pa khomalo pamaoneka mabala a makona anayi.

Ku Kacholola sindinapiteko chichokeleni. Uthenga unabwela wakuti mkazi amene anatengela mlamu wake ku boma asayembekezele kulandilidwa. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Lusaka, akuti tidzapita limodzi mvula ikatha, tikalimile manda a atate ake, aone amene adzatibweze. Sindidziwa ngati tidzaloledwa. Chimenechi chimandiwawa kuposa mabulashi.

Nambala yobiliwila ija ndinaipala ndi mpeni mpaka thabwa linayela, koma zilembo za amuna anga sindinazikhudze. Ndinalikhomela m'chipinda, pamwamba pa bedi, mau ogulitsa atayang'ana ku khoma. Kumene kumaoneka ndi kuseli. Alendo akalowa amafunsa kuti ndi mdzukulu uti anaononga thabwa chonchi, ndipo ndimawauza kuti ndine.